Mabuku awiri a Charmian Clift: muyambe ndi buku liti?

Mu 1954, Charmian Clift ndi mwamuna wake George Johnston, olemba a ku Australia, adachoka ku London kukakhala pazilumba za ku Greece. Clift adalemba mabuku awiri okamba za moyowo.

Mermaid Singing (1956) likunena za chilumba cha Kalymnos, kumene amuna ankapita kunyanja miyezi yambiri kukamira pansi kusaka siponji. Ena ankabwerako olumala miyendo, ena osabwerako n'komwe, ndipo amayi ndiwo ankatsala ndi makomo. Muno Clift ndi mlendo wa maso akuthwa: amaonetsetsa eni dziko, umphawi wawo, maukwati ndi miyambo ya kutchalitchi, za iye mwini n'kumazitchula pang'ono. Ine ndimalikonda kwambiri ili.

Peel Me a Lotus (1959) ndi la ku chilumba china, cha Hydra. Agula nyumba, mwana wachitatu akubadwa, ndalama za mabuku sizikufika. Padoko padzaza alendo anzawo, ojambula ndi alakatuli, ambiri ongocheza ndi vinyo basi. Ndi buku loluma, losekesa, koma Agiriki enieniwo amaoneka patali.

Wofuna kudziwa chilumba ayambe ndi loyambalo. Lachiwirili n'la amene akuganiza zosiya ntchito kuti adzidyera cholembera.