Hay Festival ndi ana: masana n'ngokoma, madzulo amafuna kukonzekera

Hay Festival ndi chikondwerero cha mabuku chomwe chimachitikira m'katauni ka Hay-on-Wye ku Wales, pamalire penipeni ndi England. Ambiri amachidziwa ngati malo omwe akuluakulu amadzazana m'matenti kumvetsera olemba mabuku, andale ndi asayansi akukambirana. Koma papologalamu yake pali zina ziwiri zomwe zimakoka mabanja, zochitika za ana masana ndi nyimbo madzulo. Chilichonse mwa ziwirizi n'chabwino pachokha. Vuto n'lakuti sizinakonzedwe kuti zilumikizane, ndipo banja lofuna zonse tsiku limodzi likapanda kukonzekera, mwana amagona pampando bandi isanafike pakati, tikiti italipiridwa kale.

Chikondwererochi anachiyambitsa ndi Peter Florence ndi makolo ake mu 1988. Chimatenga masiku 11, kuyambira chakumapeto kwa Meyi kufika nthawi zina kumayambiriro kwa Juni, ndipo chimakumana ndi sabata yomwe masukulu a ku England ndi Wales amakhala patchuthi cha pakati pa teremu. N'chifukwa chake ana amachuluka. Masiku awiri oyambirira amawapatulira ana obwera ndi aphunzitsi awo kuchokera m'masukulu, choncho banja lodzibwerera lokha lichita bwino kudikira Loweruka loyamba.

Malo ake ndi bwalo la msipu la Dairy Meadows pamsewu wa Brecon Road, ulendo wa mphindi 10 kapena 15 wapansi kuchokera pakati pa tauni. Amamangapo matenti akuluakulu olumikizidwa ndi tinjira ta matabwa tofoleredwa pamwamba. Chomwe makolo ayenera kudziwa poyamba n'chakuti kwa zaka zambiri kulowa pabwaloli kwakhala kwaulere. Mumalipira, m'mapaundi, tikiti ya chochitika chimodzichimodzi chomwe mwasankha. Apa ndi pomwe Hay imaposa zikondwerero zolipiritsa pageti, chifukwa mwana akatopa pofika masana mutha kunyamuka osadandaula kuti ndalama ya tsiku lonse yalowa m'madzi.

Zochitika za ana zili mitundu itatu, ndipo kuzisakaniza ndi komwe kumalakwitsa makolo ambiri.

Woyamba ndi wa mutenti yaikulu, momwe wolemba kapena wojambula zithunzi za m'mabuku a ana amaima pasiteji pafupifupi ola limodzi. Amawerenga, amajambula anthu akuona pasikirini, kenako ana amafunsa mafunso. Pologalamu imalemba msinkhu woyenera pa chochitika chilichonse, ndipo manambalawo ndi oyenera kuwakhulupirira. Kholo limaganiza kuti mwana wanga wa zaka 4 ndi wochenjera, za a zaka 7 azimva. Nkhani si nzeru ayi, ndi kukhala pansi. Mwana wa zaka 4 amapirira mphindi 20, zikachuluka 25, kenako amayamba kutsetsereka pampando, kufuna madzi, kufunsa mokweza ngati zatha. Mipando siikhala ndi manambala, wofika msanga ndiye amasankha. Ndiye kwa wolemba wotchuka mzere umayamba mphindi 20 kapena 30 nthawi isanakwane, kutanthauza kuti ola limodzi lija ndi ola ndi theka kwa mwanayo. Muli ndi mwana wamng'ono, musathamangire kutsogolo pakati. Khalani kumapeto kwa mzere wa mipando, pafupi ndi kanjira, pomwe mwana angasuzumire siteji osatchingidwa ndi mutu wa munthu wamkulu, komanso pomwe mungatuluke osapondaponda anthu 15.

Akamaliza kulankhula, wolemba amapita kukasayina mabuku kutenti yogulitsira mabuku. Kwa ana ambiri apa ndi pachimake pa tsikulo, kuima pamaso pa munthu yemwe analemba buku lomwe amagona nalo, n'kumuona akulemba dzina lawo patsamba loyamba. Koma mzere wake umatha kutalika kuposa nkhani yomwe. Njira yake ndi iyi: gulani bukulo m'mawa musanalowe, kuti musaime mizere iwiri, wolipirira ndi wosayinitsira. Ngati muli akuluakulu awiri, mmodzi atuluke mafunso akayamba, akagwire malo. Lembani dzina la mwana pakapepala ndi zilembo zooneka bwino, chifukwa m'phokoso lija wolemba amatha kulimva molakwika, ndipo inki ikalowa m'buku yalowa.

Mtundu wachiwiri ndi wa timagulu tating'ono tophunzira ntchito zamanja: kujambula, kulemba nthano, kuumba, kupanga zidole, nthawi zina kutuluka kukafufuza tizilombo ndi zomera. Izi ndiye zokoma kwambiri papologalamu yonse ya ana, chifukwa manja amakhala pantchito ndipo palibe womuuza mwana kuti akhale chete. Malo ake ndi ochepa, motero matikiti ake amatha msanga pologalamu ikangotuluka, miyezi ingapo Meyi asanafike, ndipo mamembala olipira a chikondwererochi amayamba ndiwo kugula. Mukadikira kuti mukaone zilipo mukafika, mupeza zatha. Werenganinso ngati kholo liyenera kukhala nawo kapena kungomusiya mwana, poti zimasiyana, ndipo musamuveke zovala zomwe mungalire nazo zikathimbirira penti.

Wachitatu ndi waulere: tenti ya zojambulajambula yomwe ana amalowa ndi kutuluka momwe afunira, ndi kapinga wa pakati pomwe pamakhala mipando yansalu yopinda. Dzuwa likawala, mwana wosakwana zaka 5 atha kutha tsiku lonse pamenepa osafuna tikiti ngakhale imodzi. Ikagwa mvula, ndipo ku Wales imagwa, chithunzi chimasintha. Kapinga amatsala yekha, anthu onse amathithikana m'tinjira tofolera tija, ndipo kukankha kangolo ka mwana motsutsana ndi khamu lotuluka mutenti ya anthu oposa 1,000 ndi ntchito yotopetsa. Matabwa amakutetezani kumatope muli mkati, koma magalimoto ambiri amaimikidwa m'mabwalo a udzu, ndiye magambutsi ndi jekete yamvula asatsale ngakhale m'mawa kutacha bwino. Ambulera m'khamu la ana imangobaya anthu m'maso.

Muyeso wabwino ndi matikiti awiri patsiku kwa mwana mmodzi, ndipo pakati pake pakhale ola ndi theka. Nthawi imeneyo imathera pa kusayinitsa buku, mzere wa kuchimbudzi ndi kudya. Zitatu zotsatizana zimaoneka zotheka papepala pokha.

Tsopano nyimbo. Choyamba, dzina la woimba papologalamu silitanthauza kuti aimba. Mu 2023 oimba otchuka Dua Lipa ndi Stormzy anabwera ku Hay, koma kudzakambirana za mabuku, osati kudzachita konsati. Oimba ambiri amafika kudzakamba za buku la mbiri ya moyo wawo, mwina n'kuimbako pang'ono, mwina ayi. Werengani mawu ofotokoza chochitikacho mpaka kumapeto musanalonjeze wachinyamata wanu kuti akavina.

Makonsati enieni amakhala madzulo ndi usiku, m'matenti omwewo momwe masana munali zokambirana. Izi zili ndi ubwino wake. Muli pafupi ndi oimba kuposa m'bwalo la mpira, mvula siikufikani, ndipo khamu lake ndi la anthu odekha, lopanda kukankhana. Woimba wa gitala imodzi, gulu la nyimbo zachikhalidwe, jazi kapena kwaya zimamveka bwino kwambiri m'malo otere. Bandi yaphokoso ya ng'oma ndi besi ndiyo imavutikirapo. Tenti yodzaza mipando imapangitsa anthu kukhala ngati ali m'kalasi, ndipo pamatenga nyimbo zingapo kuti wina alimbe mtima kuimirira. Akaimirira a kutsogolo, mwana wa kumbuyo saonanso kanthu.

Pali nkhani ya kamvekedwe yomwe ndi ya matenti onse padziko, osati a ku Hay okha. Nsalu imatchinga mawu opyapyala koma besi imadutsa ngati palibe chilichonse, n'chifukwa chake okonza pologalamu amakankhira zaphokoso kumapeto kwa tsiku, zokambirana za m'matenti oyandikana zitachepa. Apa ndi pomwe pagona chifukwa chimodzi chomwe nyimbo zimachedwera, ndipo n'chomveka, ngakhale kuti chimapweteka mabanja. Mvula yamphamvu ikamenya denga la tenti, phokoso lake limameza nyimbo zofatsa, ndipo okhala kumbuyo ndiwo amataya zambiri. Pofuna mawu abwino, khalani chapakati, pafupi ndi pomwe pali munthu woyendetsa makina a mawu, chifukwa amakonza zonse molingana ndi zomwe iye akumva pamalo pakepo. Kutsogolo m'mbali, pansi pa masipika, ndi malo oipitsitsa kwa mwana. Phokoso lopitirira ma decibel 85 (muyeso wa kukula kwa phokoso) limawononga makutu munthu akakhalamo nthawi yaitali, ndipo bandi yogwiritsa ntchito zokuzira mawu imapitirira pamenepo mosavuta. Mugulireni mwana zotchinga makutu zovala kumutu ngati mahedifoni, za saizi yake, ndipo aziyesere kunyumba kuti azolowere. Timaponji tolowetsa m'khutu si tabwino kwa ana aang'ono, sitikhala bwino m'khutu laling'ono ndipo amatha kutiika m'kamwa.

Kuzizira nakonso anthu amakuiwala. Nyengo imeneyi dzuwa limalowa 9 koloko usiku itadutsa, ndiye kuwala kumanamiza, munthu n'kumaona ngati kudakali masana. Likangolowa, kutentha kumatsika mofulumira, kawirikawiri kufika pansi pa madigiri 10, ndipo tenti siisunga kutentha ngati nyumba. Mwana yemwe masana amathamanga ndi tisheti amafunika juzi, chipewa ndi masokosi ouma.

Nyimbo za masana zilipo, makamaka zachikale za ku Ulaya, za piyano ndi zeze za azungu, m'tchalitchi cha St Mary's m'tauni, ndipo zina mwa izo wailesi ya BBC Radio 3 yakhala ikuzijambula. Kwa mwana wa zaka 10 kupita m'tsogolo yemwe akuphunzira chida choimbira, ola limeneli ndi lamtengo wapatali. Kwa khanda ayi. Pomwe akujambula mawu, ngakhale kutsokomola kumamveka.

Chovuta chachikulu ndi mpata wa pakati. Za ana zambiri zimatha chakumadzulo kusanade, nyimbo zimayamba patapita maola angapo, ndipo pabwalopo palibe malo abata oti mwana agone. Kukhala pomwepo kudikira ndi kulakwitsa. Tulukani. Tauniyi ili ndi mashopu a mabuku oposa 20, mbiri yomwe inayamba ndi Richard Booth, yemwe anatsegula shopu ya mabuku akale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 ndipo pa 1 Epulo 1977 anadzilengeza yekha kuti ndi mfumu ya Hay. Ana amaikonda nkhani imeneyi. Nyumba yachifumu yakale ya Hay Castle inatsegulidwa kwa anthu mu 2022 itakonzedwa, ndipo m'munsi mwake muli mashelefu a mabuku panja opanda wogulitsa, mumasankha buku n'kuponya ndalama m'bokosi. Kufupi ndi tauni kuli The Warren, dambo la m'mbali mwa mtsinje wa Wye lokhala ndi gombe la timiyala. Ndi pabwino kupumulirapo, koma madzi ake ndi ozizira ndipo mvula ikagwa kumapiri amathamanga, choncho mwana asachoke m'maso mwanu. Zonsezi komabe zimamutopetsa mwana m'malo momupumitsa. Chothandiza chenicheni ndi bedi, ndipo apa nkhani imafika pa malo ogona.

Hay ndi tauni ya anthu osakwana 2,000. Zipinda za m'tauni zimatengedwa miyezi yambiri chikondwerero chisanafike, ena amasungitsiratu za chaka chamawa akamachoka. Pamakhala malo omanga matenti ogonamo pafupi, ndipo kwa banja lofuna nyimbo ndi njira yabwino kuposa hotela yakutali, chifukwa mwana atha kukagona masana n'kubwerera wapansi. Sitima siifika ku Hay. Siteshoni yomwe ambiri amatsikira ndi ya Hereford, mtunda wa makilomita oposa 30, ndipo nthawi ya chikondwerero pamakhala mabasi olumikiza malo awiriwa, ulendo wa pafupifupi ola. Musanagule tikiti ya konsati, yang'anani nthawi ya basi yomaliza ndi ya sitima yomaliza, muyerekeze ndi nthawi yothera konsatiyo, muonjezerepo mphindi 15 zotulukira m'khamu. Matakisi kudera lakumudzi ngati limeneli ndi ochepa, ofunika kuwasungitsiratu.

Kwa banja la ana osakwana zaka 6, Hay ndi ya masana basi: tikiti imodzi m'mawa, zaulere masana, kunyumba dzuwa likadalipo. Ngati makolo akufunitsitsa nyimbo, asinthane, wina apite lero wina mawa. A zaka 7 mpaka 11 ndiwo amapindula kwambiri ndi pologalamu ya ana, ndipo konsati imodzi yoyamba msanga angaikwanitse ngati tsikulo munayamba mochedwa n'kusiya chochitika cha m'mawa. Achinyamata a zaka 12 kupita m'tsogolo ndiwo okha angatenge tsiku lonse kuyambira m'mawa mpaka nyimbo yomaliza, ngakhale kuti pamsinkhu umenewu ambiri amakana za ana n'kufuna zokambirana za akuluakulu, zomwe matikiti ake ndi okwererapo mtengo.