SEM kapena TEM: mitsempha ya magazi muionere pa makina ati?

Anzanga amene mwangoyamba kafukufuku kuno ku Johannesburg, kaya ku yunivesite ya Wits kapena ya Johannesburg (UJ), funso lanu ndalimva kangapo: mitsempha ya khoswe ndiionere pa SEM kapena pa TEM? SEM (scanning electron microscope) ndi TEM (transmission electron microscope) ndi mitundu iwiri ya maikulosikopu imene imagwiritsa ntchito ma electron, tizigawo tating'onoting'ono ta atomu, m'malo mwa kuwala, koma siyankha funso limodzi.

SEM imaona pamwamba pa chinthu. Pa mitsempha, njira yotchuka ndi corrosion casting, yomwe Murakami wa ku Japan anaiphatikiza ndi SEM mu 1971. Mumatsuka magazi onse ndi madzi amchere osakaniza ndi heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana, kenako n'kupopera utomoni wamadzimadzi, monga Mercox, kudzera mu mtsempha waukulu. Ukalimba, chiwalo chimene mukufufuzacho mumachiviika mu potassium hydroxide mpaka mnofu wonse utasungunuka. Chotsala ndi utomoni wokhawokha, wangati mizu ya kapinga yotsukidwa dothi. Mukaukuta ndi golide wopyapyala, mumaona bwinobwino mmene nthambi zagawikanirana komanso mmene timitsempha ta mu impso tapiringizirana. Chimene chimandisangalatsa ine ndi tizidindo timene ma nucleus (phata la selo lililonse) a maselo a m'kati mwa mtsempha amasiya pa utomoni. Tikakhala totalika, umenewo ndi mtsempha wochoka ku mtima. Tikakhala tozungulirako, ndi wobwerera.

Koma khoma la mtsempha palibe, munalisungunula nokha. Komanso mukapopa mwamphamvu utomoni umaphulitsa timitsempha, mukanyengerera sufika kumapeto, ndiye mungaganize kuti pamenepo panalibe mtsempha.

TEM ndiye ya khomalo, chifukwa imaona m'kati mwa timagawo topyapyala kwambiri, ndipo imafuna kudekha. Kachidutswa ka chiwalo kasapitirire milimita imodzi. Kamayamba kulowa mu glutaraldehyde, kenako mu osmium tetroxide, mankhwala osunga maselo mmene analili. Osmium ameneyu si wosewera naye, nthunzi yake imawononga maso, choncho musamutsegule kunja kwa fume hood, kabati yotulutsa nthunzi zoopsa. Mukachotsa madzi ndi ethanol n'kukaumitsa mu epoxy (pulasitiki yolimba), mumadula ndi mpeni wa dayamondi timagawo ta mananomita 60 mpaka 90 kukhuthala kwake (mu milimita imodzi muli mananomita miliyoni), n'kutitolera pa grid (kasefa) ya kopa ya mamilimita atatu. Phindu lake n'lalikulu: timabowo ta m'khoma la timitsempha ta mu impso, mmene maselo agwiranirana mu ubongo kuti zinthu zisadutse, kukhuthala kwa basement membrane (kachikopa kamene maselo a m'kati mwa mtsempha amakhalapo) pa nyama ya matenda a shuga, ngakhale ma Weibel-Palade bodies, timatumba ta m'maselo omwewo timene tinapezeka mu 1964. Zonsezi utomoni uja sungakuonetseni. Choipa chake n'chakuti mumaona kamalo kochepetsetsa, ndipo n'kosavuta kujambula selo limodzi lokongola n'kumati chiwalo chonse chili choncho. Yambani mwadula magawo okhuthalako, muwapake utoto wa toluidine blue, musankhe malo pa maikulosikopu wamba.

Ine ndimati ngati funso lanu ndi kayalidwe ka mitsempha, pitani ku SEM, ndipo zotsatira zimabwera msangako. Ngati ndi matenda kapena kuchucha kwa khoma, SEM idzangokupatsani zithunzi zokongola zopanda yankho.

Ofuna zonse ziwiri, kumbukirani kuti chiwalo chimene mwachisungunula sichingapitenso ku TEM. Pamafunika nyama zina, kapena kumanga n'kuchotsa impso imodzi musanapope utomoni. Zimenezi zilembedwe mu fomu ya komiti yoona za kasamalidwe ka nyama musanaitumize, chifukwa kuwonjezera nyama pambuyo pake n'kukapemphanso chilolezo.