Ndemanga ya maphunziro opewera chigumukire cha chipale ku Davos

Aliyense amene akufuna kutsetsereka pa ski (timatabwa tatitali tovala kumapazi poyenda pachipale) kunja kwa njira zokonzedwa ku Parsenn, pamwamba pa tauni ya Davos m'dziko la Switzerland, ndikumulimbikitsa kuti ayambe wachita maphunziro ngati amene ndinachita nawo pa sukulu ina ya ski ya m'tauniyo, ngakhale kuti mtengo wake ndi wokwera ndipo pali zina zimene sindinakhutire nazo.

Phunziro linayambira m'chipinda. Mlangizi wathu, mayi wofatsa amene anakulira m'mapiri omwewo, anatiuza kuti titsegule pafoni chenjezo la chigumukire limene bungwe lofufuza za chipale ndi zigumukire la SLF, lomwe likulu lake lili ku Davos komweko, limatulutsa 5 koloko madzulo ndi kulikonzanso 8 koloko m'mawa m'nyengo yachisanu. Bungweli lakhala likulemba machenjezo otere kuyambira 1945, ndipo kuchokera mu 1993 mayiko a ku Ulaya amatsata muyeso umodzi wa magawo 5 posonyeza kukula kwa ngozi. Tsikulo tinali pa gawo 3. Anthu ambiri akaona 3 amaganiza kuti zinthu zili pakatikati, chonsecho pafupifupi theka la anthu amene amafa ndi chigumukire m'dzikoli amafa pa gawo limeneli, chifukwa pa 4 ndi pa 5 ambiri amakhala pansi, pomwe pa 3 amadzilimbitsa mtima n'kukwera. Mayiwo sanalole kuti tingoona nambala n'kutseka foni. Anatiwerengetsa mbali zimene malo oopsa ayang'ana, kutalika kwa phiri kumene ngozi ikuyambira, komanso vuto lenileni la tsikulo, lomwe linali chipale chounjikidwa ndi mphepo.

Titafika ku Weissfluhjoch, pamwamba pa phiri ku Parsenn, kunja kunali kowala, kumwamba kopanda mtambo, moti munthu wosadziwa akanati palibe choopsa. Apa mpamene ndinaona kuti ndalama zanga sizinapite pachabe. Mlangiziyo anakumba dzenje ndi fosholo n'kutiuza kuti tigwire khoma lake ndi manja: pamwamba panali chipale cholimba chogwirana, koma pansi pake panali timibulu tosagwirana tomwe tinkangoyoyoka m'dzanja. Mphepo ya usiku inali itakokolola chipale kumbali imodzi ya phiri n'kukachiunjika kuseri, pamwamba pa timibuluto, ndipo pamalo otsetsereka kupitirira madigiri 30 kulemera kwa munthu mmodzi n'kokwanira kuti chonsecho ching'ambike n'kutsika nthawi imodzi ngati napolo wa ku Mulanje. Anatikumbutsa kuti nthawi zambiri chigumukire chimayambitsidwa ndi munthu wokwiririkayo kapena anzake a pagulu. Tikuyenda, chipale chinatitimira pansi pa mapazi ndi phokoso lakuya, ndipo mng'alu unathamanga kutsogolo kwa ski ya amene anali patsogolo. Pomwepo mayiwo anasintha ulendo, nati malo amene tinakonza kutsikira tiwasiye. Ena anang'ung'udza poti anabwerera kudzatsetsereka pachipale chatsopano, koma ine ndinagwirizana ndi mayiwo kwathunthu, pakuti anatifotokozera chifukwa chake mwatsatanetsatane, ndipo tonse tinali titamva phokosolo ndi makutu athu.

Masana tinaphunzira kupulumutsa mnzathu wokwiririka, ndipo dandaulo langa lili pamenepa. Aliyense anavala transceiver pachifuwa, kachipangizo kamene kamatumiza ndi kulandira chizindikiro pa 457 kHz posatengera kuti anakapanga ndani, ndipo anapatsidwa ndodo yopindika yobayira m'chipale pamodzi ndi fosholo. Kafukufuku amasonyeza kuti pafupifupi anthu 9 mwa 10 amapulumuka akafukulidwa mphindi 10 zisanathe, koma zikadutsa mphindi 35 ambiri amakhala atafa ndi kubanika. Ngakhale muimbire helikopita ya bungwe lopulumutsa anthu la Rega pa nambala ya 1414, kawirikawiri imafika nthawi yabwinoyo itatha, choncho moyo wa munthu umadalira anzake amene ali pomwepo. Kufufuza ndi kachipangizoko tinakuyeserera mokwanira, mpaka aliyense anatha kupeza chikwama chobisidwa pansi. Kukumba ndiye kunachepa kwambiri. Gulu linali lalikulu mopitirira muyeso kwa mlangizi mmodzi, moti ambiri tinangoimirira n'kumaonerera, pamene kukumba ndi kumene kumadya nthawi yambiri populumutsa munthu, chifukwa chipale chikagumuka chimauma gwa. Ndinakumba pang'ono chabe pamulu umene makina anaunjika m'mbali mwa njira, ndipo mikono inafooka ndisanafike kuya kwa mita imodzi. Sukuluyo iyenera kuchepetsa gulu kapena kuwonjezera mlangizi wachiwiri.

Chinanso n'chakuti polembetsa anatilonjeza phunziro la m'Chingerezi, koma mafunso ambiri ankayankhidwa m'Chijeremani, ndipo pankhani yokhudza moyo munthu safunika kumangoganizira zimene zanenedwa.

Amene amatsetsereka m'njira zokonzedwa zokhazokha angathe kukhala opanda maphunzirowa, popeza ogwira ntchito paphiri amaphulitsiratu malo oopsa ndi kutseka njira zokayikitsa, ndipo kuyambira pa gawo 3 amayatsa nyali zochenjeza. Koma amene akuganiza zodumpha malire a njira, ngakhale ndi mamita ochepa okha, alembetse. Asanalipire afunse kuti pagulu padzakhala anthu angati, phunziro lidzachitika m'chilankhulo chanji, ndiponso ngati zipangizo zitatu zija zili kale pamtengowo.