Mashelefu ogawira chipinda: chipboard, paini kapena chitsulo?

M'nyumba zambiri za lendi ku Area 25, ku Kawale kapena ku Biwi, pabalaza ndi pomwe pali podyera, pochezera alendo komanso pogona ana. Katani imangotchinga maso, siisunga kanthu. N'chifukwa chake ambiri akugawa chipinda ndi mashelefu osanja, aja okhala ngati mabokosi, lina pambali pa linzake kapena pamwamba. Chovuta n'chakuti shelefu anaipanga kuti izitsamira khoma. Mukaiimika pakati pa chipinda ilibenso chotsamira.

Tiyambe ndi masamu, chifukwa ndi omwe amaweruza nkhaniyi. Shelefu yotalika masentimita 180, yoti kuchoka kumaso kufika kumsana ndi masentimita 30, yolemera makilogalamu 40, imayamba kupendekeka mukaikankha pamwamba ndi mphamvu yongoposa pang'ono yonyamulira mapaketi atatu a shuga a kilogalamu imodzi-imodzi. Mwana wokwera kuti atenge limoti ya TV amaposa pamenepo. Kulemera komweko, shelefu ikakhala yotalika 120 ndipo kumsana n'kufika 40, mphamvu yofunika imawirikiza kawiri. Choncho musanafunse mtengo, funsani miyeso iwiriyi.

Za chipboard ndi MDF (matabwa opangidwa ndi utuchi womatidwa n'kupanikizidwa), zija zosalala zoyera, n'zokongola ndipo fumbi la mu Okutobala mumangopukuta ndi kansalu. Mdani wake ndi madzi. Pansi pa simenti timakolopa tsiku ndi tsiku, ndipo m'mphepete mwa thabwa mukamwa madzi mumafufuma ngati buledi, osabwereranso. Ma screw ake sakonda kumasulidwa: mukasamuka kawiri katatu, mabowo amakhala atanyenyeka. Thabwa la mamilimita 16 likapitirira masentimita 60 lopanda chochirikiza limapindika ndi mabuku. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti kathabwa kopyapyala ka kumsana kaja ndi kamene kamagwira shelefu kuti isapendekere cham'mbali. Mukakachotsa kuti kuwala kudutse, shelefu yonse imayamba kugwedera. Chipboard ndi MDF n'zoyenera chogawira chachifupi, chosaposa masentimita 120, chokwezedwa pa timiyendo.

Paini ndiye amapindulitsa munthu wa lendi. Matabwa ake amapezeka ku Mchesi, akalipentala alinso konko, ndiye mumapangitsa muyeso wa chipinda chanu. Muwauze akhome mabokosi osiyana, mwachitsanzo lililonse masentimita 80 m'litali, 40 msinkhu, 40 kumsana, kuti posamuka muzinyamula limodzilimodzi. Thabwa likhale la masentimita awiri kapena awiri ndi theka atalipala kale. M'makona muikidwe guluu ndi ma screw. Misomali yokha imasololoka shelefu ikamagwedezeka. Koma chenjerani ndi matabwa aawisi. Amalemera, amazizira m'manja, ndipo akamauma m'nyumba amapotoka mpaka bokosi limasiya kukhala bwino pa linzake. Ndi bwino kudikira milungu ingapo kusiyana n'kuthamangira otsika mtengo. Kuti msana ufike masentimita 40 pamafunika kulumikiza matabwa awiri kapena atatu. Amene safuna zolumikizazi atenge blockboard (thabwa lalikulu lopangidwa ndi timatabwa tomatidwa pamodzi n'kukutidwa mbali zonse ziwiri) ya mamilimita 18: imodzi imakhala masentimita 244 kwa 122, ndipo mukaicheka m'litali mumapeza zidutswa zitatu za masentimita 40 popanda chotaya chenicheni. Chiswe chimakonda paini, ndiye apakidwe mankhwala ndi vanishi, kunsi komwe, ndipo asagunde simenti.

Zachitsulo zilipo za mitundu iwiri. Zija za mabowo ambirimbiri zomanga ndi mabawuti zimanyamula katundu wolemera, koma zimavina ngati mulibe tizitsulo ta m'makona kapena mtanda wopingasa, ndipo m'mphepete mwake mumacheka. Zimayenera ku sitolo kapena kukhitchini kusiyana ndi pabalaza. Zowotcherera, za paipi ya makona anayi ya mamilimita 25, ndi zokhazo zomwe zingaime pazokha, chifukwa owotcherera angathe kuika mapazi otuluka masentimita 15 kumaso ndi kumsana. Mapaziwo amapunthwitsa usiku, ndiye alunjike komwe kuli sofa kapena bedi. Musalole kuti awotcherere chimodzi chachitali, chidzakanika pakhomo. Zikhale zigawo za masentimita 90 zolumikiza ndi mabawuti. Kutentha kwa kuwotcherera kumapotoza chitsulo, choncho muiimike pansi posalala musanalipire, muone ngati miyendo yonse inayi ikugunda. Pansi pa mwendo uliwonse awotchererepo nati yolowetsamo bawuti ya M10 (yonenepa mamilimita 10), kuti muzikweza kapena kutsitsa mwendowo. Penti yoyamba ikhale red oxide, yofiira yoteteza ku dzimbiri ija, apo ayi dzinja limodzi dzimbiri layamba.

Tikaziika pamodzi, paini kapena blockboard ndiye tingasankhire banja lomwe lingakhomere kukhoma. Chitsulo chowotcherera chimapambana pomwe eni nyumba akana kuboola. Chipboard imatsalira pa zonse kupatula maonekedwe.

Chilichonse mwasankha, mabokosi alumikizidwe ndi mabawuti a M6 (onenepa mamilimita 6) odutsa mbali zonse ziwiri, awiri kumwamba awiri kumunsi, okhala ndi mawasha kuti mutu usamire m'thabwa. Mbali imodzi ya mzerewo igunde khoma, muikhomere ndi mabulaketi awiri, imodzi chakumwamba. Boolani mamilimita 8 pa njerwa yeniyeni, osati pa dothi la pakati pa njerwa, muike pulagi (kapulasitiki kogwira screw m'khoma) ndi screw yaitali yoti idutse pulasitala. Khoma la zidina silisunga pulagi. Imatuluka ndi dothi lomwe. Siling'i nayonso musaidalire, pokhapokha mwapeza thabwa lomwe anaikhomerapo.

Pomwe kuboola sikutheka, sanjani mashelefuwo ngati chilembo L kapena T: bokosi limodzi kumapeto likhote, limangidwe ndi mabawuti kwa anzake. Kukhotako kumachirikiza kuposa kungowonjezera kulemera. Ngati mukufuna kuwala kudutse, tsekani msana wa mabokosi apansi okha ndi plywood, apamwamba akhale poyera.

Simenti ya m'nyumba zambiri si yosalala. Pomwe pali mpata lowetsani kamtengo kosongola kapena kachidutswa ka tayala. Pepala lopinda limaphwatalala likanyowa. Mabuku, mbale zadothi ndi chitini cha ufa zikhale pansi, pamwamba pakhale madengu ndi zovala. TV isakhale pamwamba pa chogawira chomwe sichinakhomeredwe, ndipo chomwe ana amachifuna chisakhale pomwe angachione koma osachifikira.

Mukamaliza kumanga, musanaikemo kanthu, gwirani pamwamba kumapeto akutali ndi khoma, mukankhe ndi kukoka ndi dzanja limodzi, kenako mukankhe cham'mbali. Mwendo ukanyamuka, chotsani mzere wapamwamba kapena wonjezerani bokosi lokhota. Pakatha mwezi umodzi bwerezani kumanga mabawuti onse, makamaka pa paini, chifukwa thabwa likamauma limachepa ndipo nati imatsala yolendewera.