Carbon ya pa Toyota 86 yanga patatha miyezi 8, ndikupereka nyenyezi zitatu pa zisanu

Ndadikira dala miyezi 8 ndisanalembe izi chifukwa zida za pa bodi za carbon (carbon fibre, nsalu yakuda yolukidwa yowumitsidwa ndi utomoni) tsiku loyamba aliyense amangoyamikira, chilungamo chake chimaoneka dzuwa ndi mvula zikaimenya. Galimoto yanga ndi Toyota 86 ya 2014, yoyera, ndimayenda nayo tsiku ndi tsiku kuno ku Johannesburg, si yongotulutsa Loweruka ayi. Ndinagula seti kwa wogulitsa wina wa pa intaneti, munali lip ya pansi pa bampa ya kutsogolo, ma side skirt awiri a m'mbali pansi pa zitseko, ka spoiler ka pa buti kaja amati ducktail, ndi zovindikira magalasi a m'mbali.

Kukongola kokha eee, palibe chonena. Ndi ija yolukidwa mopendekeka ya 2x2 twill, ukaiyang'ana pafupi dzuwa likuwomba umachita kuona ulusi wake ukulowana mkati ngati mkeka, osati zija za sitika zomwe ukangopasa chala umadziwiratu kuti ndi pulasitiki. Pa galimoto yoyera chakudacho chimaonekera patali ndithu.

Zovindikira magalasi zinalowa ndendende, ndinangopukuta ndi isopropyl alcohol, kutenthetsa tepi ya 3M pang'ono ndi draya ya tsitsi ya madamu kunyumba, kukanikiza, basi zatheka. Ka spoiler chimodzimodzi, koma ndinayamba ndayeza pakati pa buti nkuika chizindikiro ndi masking tape, chifukwa tepi imeneyi ikagwira yagwira, simungasunthenso. Ndinakhala masiku atatu osatsuka galimoto poti imafika mphamvu yake yonse pakatha maola 72. Mpaka lero pa msewu waukulu wa N1 pa liwiro la 120 km/h sikagwedera olo pang'ono.

Tsono lip ndi imene inandiwawitsa mtima nkundichotsetsa nyenyezi yoyamba. Anandiuza kuti palibe zoboola, umangomanga pa mabowo omwe alipo kale. Sizoona. Ndipo ndinafunsa kawiri ndisanalipire ngati ili ya bampa yakale, chifukwa Toyota inasintha nkhope ya 86 pa model ya 2017, komanso bampa ya Subaru BRZ ndi ina ngakhale magalimoto awiriwa ali pachibale ndipo amapangidwa fakitale imodzi ku Gunma, Japan. Anati musadandaule ndi yomweyo. Itafika, mabowo apakati anagwirizana koma a m'mphepete anaphonya, kumanzere kunatsala mpata woti chala changa chimalowa, ndinagona pansi pa galimoto theka la tsiku kukoka uku kukankha uku mpaka ndinaopa kuti ndiithyola, ndinangoitenga kupita nayo kwa mdala wina wokonza mabodi.

Mdalayo ndi amene ananditsegula maso. Anaitembenuza nkundionetsa kunsi kwake, ndi fibreglass yokhayokha, carbon ndi nsalu imodzi yokha yapamwamba yomwe timaona. Pa mtengo womwe ndinalipira sindimayembekezera dry carbon yowotchedwa mu uvuni wapadera wotchedwa autoclave, imeneyo ndi ya ndalama zina, koma bwanji osangolemba poyera kuti mkati ndi fibreglass munthu nkusankha yekha? Anaboola mabowo anayi atsopano atayamba wamata tepi kuti utomoni wapamwamba usathetheke, anapala m'mphepete ndi fayilo, ndipo anandivalitsa masiki chifukwa fumbi lake ndi loipa m'chifuwa, pamikono linandiyabwa mpaka usiku. Mabawuti omwe anabwera m'bokosi anawakana, anaika a stainless, akuti carbon ikakhudzana ndi chitsulo wamba pamalo a chinyontho dzimbiri limafulumira. Ma side skirt nawo anawonjezera masikuluu kunsi, tepi yokha sanaikhulupirire. Ntchito yonseyi inandidyera ndalama yomwe sinali mu bajeti.

Amene mukuganiza kuti galimoto ipepuka, ayi, izi mukuchita kuwonjezera pa bodi osati kuchotsa kanthu, ndipo galimoto yolemera makilogalamu opitirira 1,200 singamve. Nchifukwa chake boneti ya carbon sindinaigule, ya 86 ndi ya aluminiyamu kale.

Mwezi wachiwiri lip inakumana ndi hampu ya pageti pomwe ndimakhala. 86 ndi yotsika kale, ukaika lip ndiye zimanyanya, ndinalowa molunjika ndili pa liwiro loyenda pansi, ndinangomva kuti khwee, phokoso lake ndinalimvera m'mimba. Ya polyurethane, pulasitiki yofewa ija, ikanangopindika nkubwerera, iyi inang'aluka pakona ngati mbale yadothi. Mng'aluwo ulipobe, panopa hampu iliyonse ndimaikwera chopingasa, tayala limodzi kenako linzake, a kumbuyo aziimba hutala momwe angathere.

Chimene chandichotsetsa nyenyezi yachiwiri ndi dzuwa. Johannesburg ili pamwamba, mamita opitirira 1,700, ndipo kuntchito galimoto imakhala panja tsiku lonse. Ka spoiler kaja kamene ndimakanyadira kayamba chikasu pamwamba ndipo m'mphepete mukuoneka ngati nkhungu, pomwe ma side skirt omwe dzuwa siliwapeza kwambiri akadali bwinobwino. Ndinatumiza zithunzi kwa wogulitsa, anayankha patatha masabata awiri kuti ndipake polishi. Polishi angachotse bwanji chikasu chomwe chili mkati mwa resin, utomoni womwe umagwira ulusi wa carbon? Vuto ndi loti clear coat yawo, vanishi yapamwamba ija, ndi yopyapyala, siikuteteza ku dzuwa.

Mdala uja wandiuza kuti akapala ndi sandipepa yosalala nkupopera clear coat ya 2K (yosakaniza ndi chowumitsira) yoteteza ku cheza cha dzuwa cha UV, chikasu chomwe chalowa kale sichichoka chonse koma sichipitirira. Mukagula seti ngati iyi poperetsani clear imeneyi musanamange chilichonse, ine ndikanadziwa ndikanatero. Loweruka likubwerali ndikukamatula ka spoiler ndi ulusi wowedzera nsomba kuti ndisakande penti ya pa buti, zovindikira magalasi nazo ndizichotsa zikapoperedwe limodzi zisanayambe chikasu.