Ndinapita ndi bondo, iwo n'kuyambira nsapato

Ndiyambe ndi mtsikana wa pa risepushoni wa kiliniki ya mafizo ya mbali ya ku Katoto ku Mzuzu, chifukwa mtima sunaphwe mpaka pano. Anandiuza pa foni kuti ndifike 8 koloko, ndafika, iye maso ali pa WhatsApp, moni wanga anangoyankha ndi mphuno. Anthu awiri obwera pambuyo panga n'kulowa ine ndikuona. Ndalama ndinali nditatumiza kale pa Mpamba, iye akuti sizikuoneka, ndilipirenso. K20,000 ija mukuidziwa, si yotola. Mpaka ndinachita kumuonetsa meseji, ndipo pepani sanatuluke pakamwa pake.

Choncho ndinalowa m'chipinda nkhope ili gwaa. Bondo lakumanzere lakhala likundizunza, makamaka potsika chitunda cha ku Masasa popita ku msika, komanso ndikaima tsiku lonse pa kaunjika. Ekisire sinaonetse kanthu, bufeni ndi zopakapaka zija zinkangondigoneka usiku umodzi. Ndinkayembekeza kuti andisisita bondolo, andiike kamakina kotenthetsa, ndizipita.

Bambo wa mafizoyo bondo sanalikhudze n'komwe poyamba. “Mayi, tavulani nsapato.” Anaitembenuza n'kuyang'ana kunsi kwake, yakumanzere inali itadyeka mbali imodzi. Kenako akuti ndiyende uku ndi uku, ndiime ndi mwendo umodzi, nditsike pa kasitepe ndikudziyang'ana pa galasi. Mumtima ndikuti ndalama zanga zapita pa masewera a ku mkaka. Koma pa galasipo ndinaona ndekha: ndikamatsika, chiuno chikupendekera mbali ndipo bondo likugwera mkati, pamene lakumanja likutsika chilili. Atandiimika pafupi ndi khoma kuti bondo likhudze khomalo chidendene chisanadzuke, kumanja zinatheka, kumanzere zinakanika.

“Phazi ili munabinyako?”

Ndinabinya pa netibolo ndili ku sekondale, kalekale, tinangomanga nsanza n'kuthowa ndi madzi otentha. Anandifotokozera kuti kakolo akauma samapinda mokwanira, ndiye phazi limatembenuka ndipo bondo limapotoka kuti thupi lidutse. Minofu ya m'mbali mwa thako, imene imagwira chiuno munthu akaima ndi mwendo umodzi, nayo inali yofooka. Bondo lili pakati pa ziwirizi ngati mwana wa m'banja lokangana, ndiye ndi limene limalira. Anafunsanso mmene ndimanyamulira belo, mbali imene ndimaberekera mwana, ngakhale mpando umene ndimakhalira pa benchi. Palibe anandifunsapo zimenezi chiyambire kudwala.

Apa mkwiyo unayamba kutsika, sindinama. Anafewetsa kakoloyo ndi manja, n'kundipatsa zochita kunyumba: kugona chagada n'kumakweza chiuno, kugona cham'mbali n'kumatsegula maondo nditamanga kalabala, kuima ndi mwendo umodzi potsuka mano. Anajambula timaanthu pa pepala kuti ndisaiwale, ndipo anandichenjeza kuti minofu siilimba sabata imodzi, ndisathawe ndikaona kuchedwa. Masiku oyamba thako linkawawa kuposa bondo, ndinatsala pang'ono kuwaimbira foni yowakalipira.

Panopa chitunda chija ndikutsika osagwira munthu paphewa, ndipo ndalama ya sakaramento (kabaza wa njinga) ya m'mawa ndayamba kusunga. Kukazizira kwambiri ngati mu June bondolo limandikumbutsabe, koma si monga kale.

Zina zoti mudziwe: chipinda n'chaching'ono, chotchinga ndi nsalu chabe, ndiye nkhani za mnzako umazimva zonse. Valani thalauza yomasuka kapena kabudula mkati mwa chitenje, musavutike ngati ine. Tengani nsapato zimene mumavala tsiku ndi tsiku, osati za kutchalitchi. Kalabala kaja amagulitsa padera, ndipo mtengo wake ndi wokwera dala. Chubu chakale cha njinga chikugwira ntchito yomweyo, iwo eni anavomera.

Adokotala aja ndawapatsa nyenyezi zisanu. Kiliniki yonse zitatu, ziwirizo wadya ndi mtsikana wa pakhomo uja. Mukalipira pa foni, meseji musafufute.