Loweruka anayi ndi milandu ya Clarence Darrow: K600 yanu ipindula chiyani ku khoti la Chipata?

Maphunziro awa a kateteze ka woimbidwa mlandu amachitikira mu holo ya tchalitchi china chakufupi ndi msika wa Kapata, Loweruka anayi otsatizana, kuyambira 09:00 mpaka 13:00. Mtengo ndi K600 munthu mmodzi, ndipo mumalandira kabuku kofotokopa ka masamba 40 ndi tiyi wa mmamawa. Ophunzitsa ndi a loya ena opuma pantchito. Odzaza mabenchi ndi ma paralegal (othandiza anthu pa zamalamulo koma osakhala maloya), a makomiti a chilungamo a m'matchalitchi, ndi achinyamata ochepa ophunzira zamalamulo. Chimene amalonjeza pachikuto cha kabukuko ndi chakuti mudzadziwa kuteteza woimbidwa mlandu potsata milandu ya Clarence Darrow, loya wa ku America amene anabadwa mu 1857 ku Ohio n'kumwalira mu 1938 ku Chicago.

Mbiri ya munthuyo aphunzitsi amaidziwa, ndipo samupaka mafuta. Amanena poyera kuti Darrow yemweyo anazengedwa mlandu wofuna kugula anthu a jury, gulu la anthu wamba ogamula mlandu, pa nkhani ya abale awiri a McNamara amene ankawaimira pa mlandu wa mabomba, kuti mu 1912 anapezeka wosalakwa, ndipo pa mlandu wachiwiri mu 1913 a jury analephera kumvana. Chimene kabukuko kadumpha ndi mlandu wa Massie wa mu 1932 ku Hawaii, pamene Darrow anaimira azungu amene anapha Joseph Kahahawai, mbadwa ya ku Hawaii, ndipo chilango chawo cha zaka 10 bwanamkubwa anachisandutsa ola limodzi. Umenewo unayenera kukhalamo, ngakhale pa tsamba limodzi.

Loweruka loyamba ndi laphindu. Akangodutsa pa za Eugene Debs, mtsogoleri wa ogwira ntchito za njanji, mu 1894, pamene Darrow anasiya ntchito ku kampani ya njanji kuti amuimire, amakhazikika pa mlandu wa mu 1907 ku Boise, Idaho, wa Bill Haywood, mmodzi wa akuluakulu a bungwe la ogwira ntchito m'migodi. Frank Steunenberg, amene anakhalapo bwanamkubwa, anaphedwa ndi bomba lotcheredwa pageti la nyumba yake mu Disembala 1905. Wotchera bombalo, Harry Orchard, anavomera, kenako n'kukhala mboni ya boma yonena kuti anatumidwa ndi akuluakulu a bungwe la ogwira ntchito m'migodi. Haywood anamasulidwa chifukwa mawu a Orchard analibe umboni wina wokwanira wowachirikiza. Pano kabuku kalakwitsa pamalo amodzi: kakuti Darrow ndiye anapanikiza Orchard ndi mafunso. Amene anachita zimenezo ndi loya mnzake, Edmund Richardson. Darrow anatseka mlandu ndi mawu omaliza.

Phunziro lake likugwira ndithu kuno kwathu. Khoti la ku Zambia limayenera kudzichenjeza lisanamange munthu pa mawu a mnzake wa mumlandu, kapena a mboni imene ili ndi chake choteteza. Ganizani za mlandu wa kuba ng'ombe wochokera ku Chadiza kapena ku Katete: wogwidwa ndi nyama ndiye akuloza mnzake kuti ndiye anatsegula khola. Aphunzitsi amapereka mafunso oyenera kufufuzidwa, ndipo ndi abwino. Kodi mboniyi inagwidwa liti, inagona masiku angati m'chitokosi isanatchule dzina la mnzake? Kodi mlandu wake unapita kuti? Kodi pali china, chingwe, chikopa, kalata ya a vetenale, munthu wina amene anaona ng'ombezo panjira, chimene chikumangiriza woimbidwayo popanda kudalira pakamwa pa mboniyo? Amene angalembe mayankho a mafunso amenewa asanakaonane ndi loya wa Legal Aid Board wamuchepetsera ntchito ya sabata yathunthu.

Loweruka lachiwiri ndiye mtima wa maphunziro onse. Mu Meyi 1924 ku Chicago, Nathan Leopold wa zaka 19 ndi Richard Loeb wa zaka 18 anapha mnyamata wa zaka 14, Bobby Franks. Magalasi a maso a Leopold anapezeka pafupi ndi mtembo, ndipo onse awiri anaulula. Panalibe pothawira. Darrow anawauza kuti avomere milandu yonse iwiri, wakupha ndi woba munthu, kuti boma lisapeze mpata wowazenga kawiri, ndiponso kuti chilango achigamule jaji mmodzi, John Caverly, osati jury. Kenako anabweretsa madokotala a zamaganizo n'kusandutsa nthawi yopempha chifundo kukhala ngati mlandu wawokha, wa mboni ndi umboni. Anyamatawo sananyongedwe. Anapatsidwa moyo wonse m'ndende, kuwonjezapo zaka 99, ndipo jaji ananena kuti chimene chinamugwira kwambiri ndi msinkhu wawo.

Mawu otsiriza amenewo aphunzitsi amawabwereza kawiri, ndipo akuchita bwino. Chinapulumutsa anyamatawo si kukoma kwa pakamwa kokha, ndi chinthu chowerengeka, zaka zakubadwa. Kuno ambiri akafika pa mitigation, nthawi yopempha chifundo ija, amangoti ndili ndi ana, ndine wosauka, basi. M'kalasi muno mumaphunzira kusonkhanitsa zogwirika: khadi la kusikelo kapena NRC yotsimikiza zaka, kalata ya a mfumu kapena ya a hedi a sukulu, mapepala a kuchipatala, tsiku lenileni limene munthu anagwidwa kuti masiku a pa rimandi ku Namuseche awerengedwe, ndi umboni woti ndi koyamba kupalamula. Paralegal saima pamaso pa jaji wa High Court, koma zonsezi amakazitenga kumudzi ndi iyeyo.

Pamenepa pokha kabuku katsalira m'mbuyo. Kakulankhulabe ngati chingwe chilipo, chonsecho chilango cha imfa chinachotsedwa mu Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango zake, mu Disembala 2022. Lero nkhondo ya pa mlandu wakupha ili pakati pa moyo wonse m'ndende ndi zaka zowerengeka, ndipo imaimira pa zifukwa zochepetsa kulakwa za mu gawo 201 la Penal Code, monga kuledzera kapena kuputidwa kumene sikunakwane kukhala chitetezo. Za ufiti aphunzitsi amachenjeza molondola kuti kungoutchula sikokwanira, pamafunika umboni.

Loweruka lachitatu mutha kukagulitsa tomato. Lonse limathera pa mlandu wa John Scopes wa mu 1925 ku Dayton, Tennessee, mphunzitsi amene anapatsidwa faindi ya madola 100 chifukwa chophunzitsa zoti munthu anachita kusanduka kuchokera ku nyama. Nkhani ya Darrow kuika William Jennings Bryan, loya wa mbali ya boma, m'bokosi la mboni n'kumufunsa za Baibulo ndi yokoma kumva, ndipo m'holo ya tchalitchi imautsa mtsutso wautali, koma palibe chimene mungapite nacho kwa majisitireti. Mfundo imodzi yothandiza imanenedwa mothamanga: chigamulocho chinagwa pa apilu mu 1927 chifukwa faindi anaiika ndi jaji pamene lamulo linkafuna jury. Kalakwidwe kakang'ono ka ndondomeko kamagwetsa chigamulo, ndipo pakanayenera kuthera ola lonse pamenepo.

Vuto lalikulu limaonekera tsiku lomaliza. Mlandu wake ndi wa Dr. Ossian Sweet, dokotala wakuda amene mu 1925 anasamukira kudera la azungu ku Detroit. Gulu linazinga nyumba, mfuti inalira kuchokera mkati, mzungu mmodzi, Leon Breiner, anafa. Anthu 11 anaimbidwa mlandu. Ulendo woyamba jury sinamvane, ndipo mu 1926 mng'ono wake Henry Sweet anamasulidwa ndi jury ya azungu 12. Atafotokoza zimenezi, aphunzitsi amaimika ophunzira mmodzimmodzi kuti alankhule mphindi 10 mokhudza mtima, ngati pali anthu wamba 12 oti awalize. Ku Zambia kulibe jury. Wogamula ndi majisitireti kapena jaji, amene nthawi zambiri akulemba yekha zonenedwa, womasulira ali pakati kutembenuza Chichewa kapena Chinsenga kupita m'Chingerezi. Chiganizo chachitali chimafera m'kamwa mwa womasulira. Chofunika kuyeserera ndi funso lalifupi, la mfundo imodzi, loyankhidwa ndi inde kapena ayi, ndipo zimenezo siziyesereredwa n'komwe.

Zina zosowa ndi za tsiku ndi tsiku. Palibe mawu pa za warn and caution, zimene wogwidwa amauza apolisi atachenjezedwa, kapena trial within a trial, kamlandu kapadera kofufuza zoona pamene munthu akuti anaulula chifukwa chomenyedwa. Palibe za police bond, zoti mlandu wakupha ulibe belo, kapena zoti apilu yochokera ku Subordinate Court, khoti la majisitireti, ili ndi masiku 14 okha. Ngakhale pa abale a McNamara, amene mu 1911 anavomera milandu kuti apewe chingwe, wina wophulitsa nyumba ya nyuzipepala ya Los Angeles Times ndi wina wophulitsa fakitale ya zitsulo, sakutchulapo lamulo lathu la mu 2010 lokambirana za kuvomera mlandu, ngakhale mpata wake unali pomwepo.

Kwa paralegal amene amayendera apolisi ndi ndende, Loweruka awiri oyambawo akubweza ndalama. Funsani ngati angalole kulipira masiku awiri okha. Mupite ndi Penal Code ndi Criminal Procedure Code zanu, Cap 87 ndi Cap 88, chifukwa m'holomo mulibe, ndipo mukhale kutsogolo: denga ndi lamalata, mulibe maikolofoni, ndipo mvula ikayamba a kumbuyo samva kanthu.